Mkamwini Wolondera Mchenga

Tinabwera ku Nairobi chifukwa cha ntchito ya amuna anga. Bungwe lina linawalemba kuti aziyang'anira malo otetezedwa kumpoto kwenikweni, kumene kuli zitunda za mchenga wokhawokha ndi tizomera timene akuti sitipezeka kwina kulikonse. Ine ankandisiya ku Karen, dera lina la mzindawu, m'chinyumba cha bungwelo, ndi mwana wathu wamkazi amene anali asanayambe sukulu. Galimoto inkapita nawo. Kuti ndikagule ndiwo zamasamba za sukuma ndinkayenda mtunda, kulambalala mipanda ya anthu osandipatsa moni, mpaka pokwerera maminibasi amene kuno amati matatu.

Kumchengako foni sinkagwira. Ankaimba akatsikira kukatauni kogulako mafuta, ndipo nkhani inkakhala imodzimodzi: ngamila za abusa zathyola waya wotchinga malowo, zapondaponda zomera.

Bambo anga anamwalira iwo ali komweko. Ndinaimba ku ofesi yawo ya m'tauni, mtsikana wolandira mafoni n'kunena kuti atumiza uthenga pa wailesi ya m'galimoto. Ndinadikira mpaka achimwene anandiuza kuti thupi silingasungikenso. Ndinakwera ndege kupita kwathu ndi mwana, awiriwiri.

Pasiwa azakhali anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Akamwini ali kuti?"

"Ali kuntchito, azakhali. N'kutali, uthenga sunawapeze."

"Ntchito yanji?"

"Amateteza zomera."

"Ndiye kuti udzu uli ndi mlonda, apongozi awo alibe wowanyamula."

Bambo ankanyadira mkamwini ameneyu kuposa ana obereka okha.

Nditabwerera ku Nairobi ndinapeza amuna anga ali pakhomo, atawonda, milomo itang'ambika ndi dzuwa. Anandipepesa, analira ndithu. Kenaka tikumwa tiyi anayamba kufotokoza. Mvula inagwa kumchengako patapita zaka osagwa, tizomera tija tinachita maluwa, ndipo maluwawo sakhalitsa. Akanachoka, panalibe wina wowajambula.

"Ndiye kuti uthenga munaumva?"

"Ndinaumva, mayi. Koma ndikanafika ataikidwa kale."

"Munadziwa bwanji? Tinakudikirani."

Anatsegula kompyuta n'kuitembenuzira kwa ine. Kanali kaduwa kachikasu, kochepa ngati chikhadabo cha khanda, katamera pa mchenga wopanda china chilichonse. Zithunzi zake zinalipo zambirimbiri, chakutsogolo, cham'mbali, chapamwamba. Ndinawauza kuti anditengereko, ndikaone ndi maso anga chimene chinaposa bambo. Anati kumafunika chilolezo, amalola ofufuza okha.

Mpaka lero kumchengako sindinapondeko. Ntchito ija inatha bungwe litasintha zofuna zake, ndipo waya uja akuti anthu anazula. Tinasamukira m'kanyumba ka m'nyumba yosanja kufupi ndi tauni. Iwo amaphunzitsa pa koleji ina, ine ndimasoka madiresi a amayi a kutchalitchi. Amalawi anzathu tikakumana amawatamabe, amati ndi munthu wodzipereka. Ine ndimangoti, "Eya, ndi odziperekadi."

Chaka chatha amuna anga anandiuza kuti akufuna tipite kumudzi tikamange chiliza cha bambo, aonekere kwa abale. Ndinawauza kuti achimwene anamanga kalekale, mwambo wake unachitika, ndipo ulendo umene ndinati ndikukaona amayi unali womwewo.

"Bwanji simunandiuze?"

Ndinali kusita yunifolomu ya mwana. Ndinaitembenuza n'kuyamba kusita kolala.