Kachasu wa Eni pa Buluku Langa

Ndinanyamuka pa Utale kum'mawa kukufiira, nditavala buluku loyera lomwe ndinalisita dzulo lake ngati ndikupita kokafunsira mbeta. Kunena zoona, ulendowo sunasiyane kwenikweni ndi kofunsira. Ndinkapita ku Chikweo, kwawo kwa akazi anga, mayi a Mphatso, amene anandisiya chifukwa cha mowa. Malume awo, omwe ndi ankhoswe athu, anali atatumiza mawu achidule: ndibwere tidzakambirane zobwererana, koma akangomva fungo la mowa, ndisavutike n'kukhala pamphasa. Ine ndinali nditasiya kumwa kuyambira nyengo yokolola ya chaka chatha, choncho fungo sindinkaliopa. Chimene ndinkaopa ndi tulo.

Osamwa izi sazidziwa. Mowa ukausiya masana, umakutsatira kumaloto, ndipo umadzuka kukhosi kuli gwa, mtima ukufuna botolo. A Makwinja, amene amatsogolera kagulu kathu ka osiya mowa kutchalitchi, amakonda kunena kuti, "Maloto si mlandu, koma osawasunga, uzani munthu. Chibaba chili ngati galu wa eni. Mukapanda kumuponyera kanthu, amatopa yekha n'kuchoka."

Njinga yamoto inanditula pa Balaka dzuwa litatuluka. Ndinamwa tiyi ndi mandasi awiri, n'kugula kamzimbe kotafuna m'njira. Kuseri kwa depoti, kumene ndinathera malipiro ambiri, sindinayang'aneko n'komwe. Mpaka pa Liwonde ulendo unali bwinobwino, ndipo titawoloka Shire ndinadziyamikira mumtima. Ndinafulumira kudzitama.

Minibasi ya ku Nselema inali ndi kondakitala wokhulupirira kuti munthu alibe mafupa. Atatilipiritsa zikwi zisanu aliyense, anatipanikiza anayi pampando wa atatu. Pambali panga panakhala mayi wina wa mwana kumsana, atanyamula chigubu chokulunga m'thumba.

"Bambo, tandigwirirani aka. Ndi mafuta ophikira," anatero.

Kwathu kuno katundu wa mayi wa mwana sakanidwa. Ndinachiika pamiyendo. M'galimotomo munkanunkha nsomba zouma ndi thukuta, ndiye mphuno yanga sinakayikire kanthu. Usiku wonse sindinagone ndi nkhawa, moti tisanapite patali mutu unayamba kulemera.

Ndinapezeka ndili kuseri kwa depoti kuja. Wina anandipatsa kabotolo, ine n'kupapira. Ndinamva kutentha kukutsika pakhosi mpaka pachifuwa, ndipo, Mulungu andikhululukire, kunakoma. Ndinaitanitsa kena.

Galimoto inadumpha pahampu ya pa Ntaja, ine dzidzimu! Fungo la kachasu linali ponseponse, malovu atadzaza m'kamwa, buluku lili lonyowa. Sindinathe kusiyanitsa maloto ndi zenizeni.

"Mayi, kodi ndamwa?" ndinafunsa.

Minibasi yonse inafa nacho chiseko. Mayi aja sanaseke. Anali atayang'ana chivindikiro cha chigubu, chimene chinamasuka, zam'katimo n'kumakhavukira pa ine njira yonse. Mafuta ophikira aja anali kachasu wamutu.

Titatsika pa Nselema masana, ndinathamangira pamjigo n'kutsukuluza bulukulo ndili chivalire. Fungo silinasunthe. Ndalama zotsala zinali za kabaza basi, zogulira lina pakaunjika panalibe. Ndili chiimire choncho, mayi aja anabwera, nagwada pang'ono mwaulemu, n'kundipatsa kabotolo ka pulasitiki ka kachasu yemweyo ndi manja awiri.

"Pepani bambo, ndakuipitsirani chovala. Landirani kopepesera."

Ndisanayankhe, dzanja langa linali litalandira kale. Iwo anakwera njinga n'kumapita.

Apa ndiye panali nkhondo. Maganizo ankabwera mwaulemu ngati mnzako wokufunira zabwino. Ndani akakukhulupirire? Ukununkha kale, malume akakubweza ndithu. Madzi akatayika saoleka. Bwanji osangomwa, chilango chikapeze mlandu wake? Kukhosi kunali kukukumbukirabe kukoma kwa m'maloto kuja, ndipo chala chinayamba kusisita chivindikiro. Ndinachita mantha kuposa tsiku lililonse chisiyireni mowa.

Ndinapita kwa wakabaza wina wachikulire wovala kofia yachisilamu, ndi kumuuza za Chikweo. Anandinunkhiza ali patali.

"Iyayi achimwene, woledzera ine sindinyamula. Mungandigwetse pamchenga."

Ndinakumbukira a Makwinja. Pomwepo, pakati pa msika, ndinamuuza munthu wosamudziwayo zonse: za akazi anga, za chigubu, za maloto, ngakhale zoti kumalotoko mowawo unakoma ndipo panopa ndikuufuna koopsa.

Anayang'ana kabotolo kaja. "Nanga m'manjamo mukusungiranji?"

"Tanditayirani, chonde."

"Ine kugwira haramu? Wallahi, iyayi. Kameneko n'kanu, muthane nako nokha."

Kukatsegula kuti ndikataye sindinadzikhulupirire. Ndinawerama, n'kukaika pansi patsinde pa mtengo kali chitsekere, ndipo dzanja linavuta kuchoka.

"Tiyeni msanga," ndinatero.

Msewu wa ku Chikweo ndi wafumbi, wodutsa m'minda ya chinangwa ndi thonje. Ndinatafuna mzimbe uja ngati ndili nawo chifukwa. Kawiri konse ndinatsala pang'ono kunena kuti tibwerere, ndaiwala kanthu. Mkuluyo ngati ankadziwa, sanandipatse mpata. Anandifunsa za mvula ya ku Utale, mitengo ya mbuzi, dzina la mwana wanga ndi kalasi yake. Sindikudziwa kuti galu uja anatsalira pati, koma pomwe tinkafika chibaba chinali chitaphwa. Fungo lokha ndi lomwe linafika nane.

Malume anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndisanamalize moni, mphuno yawo inakwinyika, ndipo anayamba kufunafuna nsapato zawo.

"Akamwini, tinapangana chiyani?"

Ndinayesa kufotokoza za chigubu, koma ngakhale m'makutu mwanga zinkamveka ngati mabodza anga akale. Kenako mayi a Mphatso anatuluka m'nyumba. Sanandipatse moni. Anafika pafupi kwambiri, pamaso pa malume awo.

"Bambo a Mphatso, tapumirani kuno."

Ndinapuma. Anatseka maso.

"Mzimbe," anatero. "Malume, fungoli ndi la nsalu. La m'kamwa ndagona nalo zaka zambiri, sindingalisokoneze."

Mawuwo anandipulumutsa, koma anandilasanso. Anandiponyera chitenje kuti ndikavule bulukulo kuseri, moti nkhani ya banja langa ndinaikamba nditamanga chitenje cha maluwa, malume akulephera kubisa kumwetulira. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti choopsa si maloto, koma kamphindi kamene umati zatha kale, zisanathe.

Madzulo, akuyanika bulukulo, mayi a Mphatso anandifunsa osandiyang'ana, "Simunaufune?"

"Ndinaufuna kwambiri. Ndinalotanso ndikumwa. Ndimalota kawirikawiri."

Anafinya mwendo wa buluku, madzi n'kudontha pansi.

"Mukadzalotanso," anatero, "muzidzandidzutsa."