Chitseko Chotsegukira M'kati

Ana a m'sukulu ankawatcha a Chisoti, chifukwa sankalowa m'kalasi popanda chisoti chawo chachikasu, chokandikakandika, chomwe anachivala zaka makumi awiri ali wozimitsa moto. Chimene chinawatsitsa pagalimoto yozimitsira moto ndi bondo. Tsiku lina anaterereka pamakwerero, bondo linapindikira kumene silipindikira, ndipo abwana, posowa powaika, anawapatsa wezulo ndi wotchi kuti azikaphunzitsa ana za moto. Anzawo ankawaseka kuti tsopano azizimitsa moto ndi malovu. Koma iwo ntchitoyo anaikonda kuposa mmene ankavomerera.

Anali munthu wamtali, woti polowa pakhomo ankachita kuwerama. Akalowa ankafunafuna mwana wamfupi kuposa onse, n'kumuveka chisoti chija mpaka chimphimbe mphuno, kalasi yonse n'kufa ndi kuseka. Akatero ankayamba: machesi si chidole, msomali sulowa m'soketi, kandulo sakhala pafupi ndi katani, utsi ukadzaza uzikwawa. Pofika pa zovala zogwira moto ankagona okha pansi n'kugubuduzika, bondo likulira, kenaka ana anayi ankawadzutsa. Ankawauzanso kuti pothawa osakankha mnzako, ndipo kwa aphunzitsi ankakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pomaliza ankaliza wezulo, ana n'kutuluka, iwo maso ali pawotchi. Kalasi yabwino inkatha kutuluka m'mphindi imodzi.

Chaka chachitatu ndi pamene anafika kusukulu ya mdzukulu wawo. Mtsikanayo anali mu sitandade 3, ndipo msinkhu anatengera agogo ake, moti kunyumba ankangomutcha Nsungwi. Ana aatali amakhala kumbuyo kuti asatchinge anzawo, choncho iye malo ake anali pakona, kutali ndi khomo. M'kalasimo munali ana makumi asanu ndi anayi, chitseko chimodzi, ndi mawindo anayi owotchereredwa zitsulo zokhuthala ngati chala chachikulu.

Phunziro linayenda bwino. Chisoti chinapita kwa kamtsikana kakafupi kokhala pafupi ndi khomo, kamene kanali ndi mpata wa mano awiri kutsogolo. Kenaka a Chisoti analiza wezulo. Ana anadzambatuka onse nthawi imodzi n'kuthamangira kukhomo, koma chitsekocho chinali chotsegukira m'kati. Akutsogolo anachikanikiza ndi zifuwa, akumbuyo anakanikiza akutsogolo, ndipo chitseko chinangoti gwa. Aphunzitsi anakoka chogwirira, anakalipa, anakokanso. Ana ankaseka poganiza kuti ndi mbali ya sewero. Wotchi inawerenga mphindi zinayi ndi theka mwana womaliza asanatuluke, ndipo womalizayo anali Nsungwi, akuwabayibitsa agogo ake.

A Chisoti anayang'ananso wotchi ija. Utsi ankaudziwa: supatsa munthu mphindi zinayi, makamaka mwana. Kale ali pantchito anathyolapo chitseko chonga chimenechi pasitolo ina, ndipo zimene anapeza kuseri kwake sanafotokozerepo ngakhale mkazi wawo. Asanachoke anasuzumira m'chipinda choyandikana ndi kalasiyo. Munali madesiki othyoka, zitini za penti, ndi waya wamagetsi wolumikizidwa ndi tepi, atada kale mbali imodzi.

Aphunzitsi aakulu anawalandira bwino, mpando anawapatsa, ndipo anagwedeza mutu pa mawu alionse. Anafotokoza kuti zitsulo zija anapempha ndi makolo, akuba atakokolola mabuku chaka china. A Chisoti anati zitsulo zikhale, iwo akungopempha kuti chitseko chitembenuzidwe, ntchito yoti kalipentala amaitha dzuwa lisanafike pamutu. Aphunzitsi aakulu anati chitseko chotsegukira kunja chimasiya mahinjesi panja, ndiye wakuba amangowagogoda ndi hamala. Komanso nyumbayo si yawo, ili ndi eni ake ku maofesi, ndipo eni akewo amamva kalata, samva pakamwa. Anawaperekeza mpaka pageti n'kuwakumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambiwo ndi wabwino, kungoti moto sunaumvepo.

A Chisoti kalata analemba, ina analembanso. Yoyamba inasowa, yachiwiri inapezeka koma wosayina anali kumaliro. Abwana awo anawauza kuti ntchito yawo ndi kulangiza, osati kulamula, ndipo akayamba kuwerenga zitseko za m'sukulu zonse adzapenga misala. Loweruka lina ananyamula okha sikuludilaiva ndi hamala m'chikwama, koma mlonda anawaimitsa pageti. Anawachonderera mwaulemu kuti iye ali ndi ana asanu, ndipo chitseko chikakhudzidwa iye ali pompo, ntchito yake yatha. A Chisoti anabwerera manja lende.

Kunyumba, mwana wawo wamkazi, mayi ake a Nsungwi, anawamvetsera akusita mayunifomu pamene ankapempha kuti Nsungwi asamutsidwire kusukulu ina. Anati sukulu inayo ili kutali, mwana angamadutse misewu iwiri ya magalimoto, ndipo kumenekonso zitsulo n'zomwezo.

"Bambo, mwayamba kuona moto paliponse," anatero. "Sukulu ija yakhala zaka zingati osapsa?"

Nyumba iliyonse imene a Chisoti anazimitsapo inali itakhala zaka zambiri osapsa, koma kunena zimenezi kukanangomuopseza mwana wawoyo popanda chomuthandiza nacho. Anagwira njakata, ndipo zinkawapweteka kuti munthu wodziwa ngoziyo kuposa wina aliyense ndi amene analibe mphamvu ngakhale pa msomali umodzi.

Ndiye anachita chinthu chimene sankaganiza kuti angachite. Lachitatu m'mawa anapita kwa aphunzitsi a kalasiyo, chisoti atachisiya kunyumba, n'kunama kuti mdzukulu wawo akuvutika maso, saona bwino pabolodi. Anapempha kuti amuike kutsogolo, makamaka mbali ya kukhomo kumene kumawala. Aphunzitsiwo, munthu wachifundo, anadandaula kuti bwanji sananene msanga, ndipo anamusamutsa tsiku lomwelo.

Poweruka a Chisoti anakamutenga okha mdzukulu wawo. Anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, mtsikanayo atanyamula chikwama kumimba ngati mwana wakhanda. Anadutsa pokonzera matayala, anadutsa pogulitsa makala. Atafika pamlatho wawung'ono wa ngalande, Nsungwi anaima.

"Agogo, maso anga ndi abwinobwino. N'chifukwa cha chitseko chija eti?"

A Chisoti anayang'ana m'ngalandemo. Mwanayu anali atamva phunziro lawo kuposa akuluakulu onse amene anawalembera makalata. Agogowo anavomera ndi mutu.

"Pamalo panga paja aikapo mnzanga wamfupi uja, amene munamuveka chisoti," anatero Nsungwi. "Akuti kumbuyo saona chilichonse, amachita kuimirira. Ndiwauze aphunzitsi kuti tisinthanenso?"

Ankadikira yankho ndi nkhope imene ana amayang'ana nayo munthu wodziwa zonse. M'maganizo mwawo a Chisoti anaona kamtsikana ka mpata wa mano kaja kali pakona, ana makumi asanu ndi anayi ali pakati pa iko ndi khomo. Anakumbukira mwambi umene ankauza aphunzitsi m'sukulu zonse, wa mwana wa mnzako uja, ndipo manyazi anawagwira.

"Ayi," anatero chapansipansi. "Ukhale pomwe akuikapo."

Mawa lake anali ndi phunziro kusukulu ina. Anagubuduzika pansi monga mwa masiku onse, ana anaseka, wezulo analiza. Koma chisoti sanaveke mwana aliyense.