Ndege Yochira Ikangotera

Amuna anga ndi makaniko wa ndege zonyamula katundu. Kuntchito amawatchula kuti a Khutu, chifukwa injini ikangolira iwo amadziwa pamene pakuwawa. Kunyumba khutu lomwelo silimva ndikamawaitana kudzadya, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mwana wathu wamkazi anakulira m'fungo la girisi, ndipo pano amayendetsa ndege za kampani yomweyo. Anamukopa ndi bambo ake. Ine ndinkafuna adzakhale namwino.

Tsiku lina ali m'mwamba, ndege itadzaza makatoni a mankhwala, magalasi onse osonyeza liwiro ndi njira anangoti bii, kuzima. Wailesi nayo inakhala chete. Iye ndi woyendetsa mnzake anaiyendetsa podalira kachipangizo kachikale ka muvi. Kenaka zonse zinayaka zokha, popanda wozikhudza, ndipo anatera bwino.

Bambo ake anailowa ndegeyo ngati chiswe. Anatsatira waya aliyense ndi zala, anaigwedeza, anaitenthetsa. Mabokosi a magetsi anawachotsa n'kuikamo atsopano, koma akalewo atayesedwa anapezeka abwinobwino.

"Amake mwana," anandiuza akuvula nsapato, "chothyoka ndimachidziwa. Nanga chosathyoka ndichikonza bwanji?"

Anasiya kudya. Ndinawakalipira, ndinawanyengerera, osaphula kanthu. Inenso mantha anandigwira, ndipo ndinakwiyira ndege, kampani ndi iwo omwe.

Kuntchito kwawoko, vuto likakana kuonekanso poyesa, ndege imabwerera kumwamba. Akuluakulu anadikira mokwanira, sindingawanamizire. Anaiulutsa yopanda katundu, palibe chinachitika. Ndiye anaiikanso pa ulendo, woyendetsa n'kukhala mwana wathu yemweyo.

M'mawa wa ulendowo anatipeza kukhitchini atavala kale yunifolomu.

"Ababa, ndegeyo ili bwino?"

"Sindinapeze vuto."

"Si zimene ndafunsa."

Iwo anangoyang'ana m'kapu ya tiyi. Ine ndinalephera kuugwira mtima.

"Ukawauze kuti wadwala, mwanawe! Ipite ndi wina."

"Winayo alibe mayi ake?" anatero, n'kunyamula chikwama.

Bambo ake anadzuka kukamutsegulira geti. Anayesa kangapo, kiyi osalowa m'loko. Mwanayo anadikira pang'ono, kenaka anawalanda kiyiyo mwaulemu n'kudzitsegulira yekha.