Banga la Mkuwa pa Bulauzi

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene amaona mwana ali m'mimba ife tisanamuone.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito mu labu ku yunivesite, kumene amayesa ufa wa mkuwa. Anandifotokozera kuti ukathiridwa pang'ono, mankhwala a m'fakitale amapangika msanga, pa moto wochepa, utsi woipa n'kuchepanso, koma ufawo osatha. Ndinakumbukira chitsamba cha m'Malemba chija chinkayaka osanyeka. Iye anaseka, nati wawo umatopa, ndiye akufunafuna wolimba.

Atatenga pakati, ndinamulangiza monga anandilangizira azakhali anga: mimba yaing'ono salengeza. Adziwe mwamuna wako ndi ife akulu ako, basi. Ngakhale m'Malemba muli mayi amene anabisala miyezi ingapo.

Loweruka lina anabwera kudzacheza kwathu ku Mtendere, ine n'kumuchapira bulauzi. Pamkono panali banga, ndipo madzi anasanduka obiriwira. Ndinaima ndi beseni m'manja, kusowa kotaya, poti ngalande yathu imadutsa posewerera ana. Kenako ndinadzifunsa ndekha. Ndikuopera ana a eni, nanga uyu wam'mimba?

Ndinamufunsa. Anati mkuwa sukumudetsa nkhawa kwenikweni, koma madzi ena onunkha osungunulira mankhwala. Wapakati sayenera kuwayandikira, koma kuti amuchotsepo, akulu a labu auzidwe kaye. Ndinafunsa chimene sanawauzire.

"Si ndimwe munakamba kuti nikhale zii, amai?"

M'mawa mwake ndinapita kutchalitchi. Ndinkaopa maso ndi malilime a anthu, ndinkaopanso fungo limene sindinalimvepo. Ndinapempha Ambuye andisonyeze mantha oyenera kuwamvera. Liwu sindinamve. Ndinkangoona beseni lija.

Lolemba ndinamuperekeza pokwerera minibasi. Kondakitala akuitanira, ndinamugwira dzanja mwana wangayo.

"Ukawauze lero akulu a labu aja. Kwa azakhali ndikayankha ndine."

Anamusamutsira pa kompyuta, ufa wake anzake ndiwo akuyesa. Azakhali mpaka pano moni wanga amayankha mozizira. Mwanayo sanabadwebe. Kuchipatala akuti zonse zili bwino, koma ndikakumbukira masabata amene anakhala chete pomvera ine, ndimagwada pomwepo, ngakhale thovu lili m'manja.

Inu owerenga, Mulungu akusungireni ana anu, obadwa kale ndi amene akadali obisika, ndipo akutseguleni pakamwa nthawi isanathe.