Maluwa m'Mphasa ya Achimwene

Kuseri kwa nyumba ya amayi, kumudzi kwathu kufupi ndi Kabwazi, kunali duwa loyanga limene linakuta mpanda wonse wa bafa. Kanthambi kake ndinachita kupempha kwa asisitere a ku parishi, amene anandiphunzitsa kuluka nkhata za maluwa ndili mtsikana. Iwo ankalitchula jasimini, koma anthu a m'mudzi ankangoti maluwa a kwa asisitere. Ndi timaluwa ting'onoting'ono toyera, timamasula chisanu chikamatha, tchire lonse litauma, ndipo fungo lake limakulonjera usanafike n'komwe pakhomo.

Asisitere ankati kuyera kwake kumanena za mtima wopanda banga. N'chifukwa chake tinkatiika pa chifaniziro cha Amayi Maria, tinkaveka ana olandira ukaristia woyamba ndi atsikana pa ukwati. Ine ndinawonjezapo maliro. Ndinkapinda kansungwi, n'kukakuta ndi masamba a mkungudza, n'kusomeka jasimini pamwamba. Kwathu manda akakwiriridwa amaitana anthu mmodzimmodzi kudzaika nkhata, kuyambira mayi wobereka, ndipo manda opanda nkhata anthu amawanena chaka chonse. Panalibe maliro m'midzi yathu amene manja angawa sanagwireko.

Achimwene anga anali mphunzitsi. Anthu a boma anawatenga m'kalasi, choko chili m'manja, chifukwa cha mawu amene mpaka lero sitidziwa kuti anali otani. Patatha chaka ndi miyezi, galimoto inafika ndi mtembo wawo m'bokosi lokhomedwa kale misomali. Nthawi imeneyo ine ndinali ndi khanda la miyezi inayi, amuna anga ali ku migodi ku Joni.

Galimoto itangochoka anafika atcheyamani a chipani a m'mudzi mwathu. Anali munthu wamfupi, wa jekete lalikulu lofika m'mawondo, woyenda ndi ndodo ngakhale miyendo inalibe vuto. Ntchito imene ankaikonda inali kuima pamsika wa Chimbiya n'kumafunsa makhadi a chipani kwa amayi ogulitsa kachewere. Sindinkawakonda, iwonso ankadziwa.

"Amayi, pepani ndi zovutazi," anatero atavula chipewa. "Ndauzidwa, ndipo ndikuuzani monga ndauzidwira. Bokosi lisatsegulidwe. Mwambo ukhale waufupi. Nkhata pasakhale, ngakhale duwa limodzi. Mawa kubwera munthu wochokera ku boma kudzaona."

Koma ine ndi pakamwa pangapa sindikanatha kukhala chete.

"Ndiye tiwakwirire ngati mbuzi yofa ndi matenda?"

"Mwana iwe, uli ndi khanda kumsana," anatero motsitsa mawu. "Woika duwa pa manda a munthu wotere, naye amati ndi woukira. Akakutenga, khandalo aliyamwitsa ndani?"

Ndinawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchipewa, n'kutembenuka osatsanzika.

M'mawa mwake, dzuwa litangotuluka, ndinapeza amayi atakhala kuchipinda atayang'ana kukhoma. Sankalira mokweza. Ankangolankhula okha.

"Ana a eni ake onse anapita ndi maluwa a pakhomo pano. Wanga yekha apite chimanjamanja."

Mawu amenewo anandiwawa kuposa bokosi lija. Ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima nzeru zimabwera zothamanga, zina n'kutsalira m'mbuyo. Kwathu adzukulu, anthu okumba manda, amayala mphasa ya womwalirayo pamwamba pa bokosi kuti dothi lisagwere pathabwa. Mphasa imene achimwene ankagonera akabwera pa holide inali itaima pakona. Ndinazembera kuseri, ndinathyola jasimini wodzaza nsalu, ndinamwaza pamphasa ija, n'kuipinda mothinitsa, n'kuimanga ndi luzi m'malo atatu. Ndinaizungulira kuona ngati pali kaduwa kosuzumira. Panalibe. Ndinadzitama mumtima kuti ndawapusitsa onse.

Chimene ndinaiwala n'chakuti munthu wogwira maluwa amenewa zaka ndi zaka mphuno zake zimafa. Ine sindinkamvanso kanthu. Ndinaganizira za maso a anthu zokha, za mphuno osaziganizira n'komwe.

Mkulu wa adzukulu atabwera kudzatenga mphasa, anaiika paphewa, anayenda mapazi awiri, n'kuima. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapitiriza ulendo. Apo m'pamene ndinazindikira kuti wamva fungo, koma kubweza mphasa pamaso pa anthu kunali kudziulula ndekha.

Kumanda tinafika dzuwa lili paliwombo. Anthu anali ochepa, ambiri anaopa kubwera. Munthu wa ku boma uja anaima pamulu wa dothi, pambali pa atcheyamani. Anali wamtali, wa nsapato zopukuta bwino, kabuku kali m'manja, ndipo sanagwade ngakhale pamene akatekisiti ankatsogolera pemphero. Amayi a kwaya ankaimba chapansipansi. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi amayi, mwana ali kumsana, maso ali pamphasa.

Bokosi litatsikira, mkulu wa adzukulu analowa yekha m'dzenje. Anadula luzi, n'kutambasula mphasa chozondotsa mwachangu, kotero kuti maluwa anagwera pabokosi, mphasa n'kuwaphimba. Palibe anaona kanthu. Koma maluwa aja anali atafinyika m'mphasa m'mawa wonse padzuwa, ndipo fungo linatuluka m'dzenjemo lamphamvu moti ngakhale mphuno zanga zakufazi zinalimva.

Nyimbo inayamba kuduka. Mayi wina anatsokomola. Amayi anadzutsa mutu, anakoka mpweya, n'kundigwira dzanja mondipweteka.

Munthu wa ku boma anakweza dzanja, nyimbo n'kutheratu.

"Fungo limeneli ndi la chiyani?"

Anayang'ana anthu mmodzimmodzi.

"Ndafunsa. Kodi sitinanene kuti pasakhale maluwa? Iwe uli m'dzenjemo, tukula mphasayo."

Mkulu wa adzukulu anatukula kangodya kokha. Timaluwa tinaoneka mbuu pathabwa lakuda.

"Amaluka nkhata m'mudzi muno ndani?"

Ndinaona makosi a anthu akuuma, aliyense akulimbana ndi mutu wake kuti usatembenukire kwa ine. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Mkaka unatuluka wokha n'kunyowetsa bulauzi. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kuimirira, chifukwa ndikapanda kutero atenga mkulu wa adzukulu, munthu wosalakwa. Ine amene dzulo lake ndinkayankha akulu mwamwano, ndinangokhalabe pansi. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa.

"Bwana, ndine."

Anali atcheyamani. Anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri, ndodo itagwera pansi.

"Mphasa imeneyo ndinaiona ine m'mawa, ndipo ndinalola. Ndimayesa lamulo likunena nkhata, osati timaluwa ta kubafa. Kusaphunzira, bwana. Amayiwa sakudziwapo kanthu."

Mphasa ija sanaione n'komwe, ndipo m'mawa umenewo sanapondeko pakhomo pathu. Munthu wa ku boma anawayang'ana, anandiyang'ananso ine ndi mwana wolirayo, kenako analemba m'kabuku kake. Analemba nthawi yaitali.

"Kwirirani," anatero.

Adzukulu anakwirira mwachangu, maluwa ali momwemo. Panalibe woitana anthu kudzaika nkhata. Tinamwazikana osalankhulana, ndipo pobwerera ndinadutsa pafupi ndi atcheyamani akutola ndodo yawo. Ndinafuna kunena kanthu, koma munthu uja anali akadali pomwepo. Ndinati ndidzapita kwawo zinthu zikazizira.

Lachisanu la sabata yomweyo galimoto inabweranso, n'kuima pakhomo pawo. Ndinaiona ndili kuchitsime. Anakwera atavala jekete lawo lija, akazi awo akuthamangira m'mbuyo ndi kabulangete kamene sanaloledwe kupereka.

Amayi anapeza mtendere, zimenezo n'zoona. Ankati mwana wawo anapita ngati munthu. Ine ndinapitiriza kuyamwitsa wanga, kulima dimba langa, kupita ku Misa. Palibe anandifunsa kanthu, ndipo inenso sindinauze munthu. Kunyumba kwa atcheyamani sindinapiteko. Tsiku lililonse ndinkati mawa.

Njira ya kudimba kwawo inkadutsa kuseri kwa nyumba yathu. Akazi awo ankadutsa m'mawa uliwonse, khasu paphewa, ana asanu ali pambuyo, osayang'ana kumbali. Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina anaima pampanda ine ndikusambitsa mwana m'beseni.

"Mwadzuka bwanji, make mwana?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi?"

"Tadzuka. Akukula mwanayu?"

"Akukula, amayi."

Anamuyang'ana mwanayo akumenya madzi ndi timanja, akuseka.

"Zikomo kuti akukula," anatero. "Angawa akumandifunsa kuti abambo awo abwera liti. Ndimati mwina inu mungadziwe chowayankha."

Anadikira pang'ono. Ine ndinangogwira sopo m'manja. Kenako anakonza khasu paphewa, anaitana ana awo, n'kutsetserekera kudimba.