Lichero la pa Chithunzi cha Agogo Chisale

Ndikakumbukira agogo Chisale, ndimamva fungo la mtedza wokazinga losakanikirana ndi la polishi wa nsapato, limene linkatichingamira tikangokankha chitseko cha fulati yawo ku Woolwich, mawindo atachita nthunzi, wailesi ikulira chapansipansi kukhitchini. Sanali agogo anga enieni. Anachoka kumudzi kubwera kuno kutsidya kwa nyanja kudzakhala ndi mwana wawo, namwino, ndipo poti amayi athu ambiri analinso anamwino a mashifiti osadziwika mutu wake, ana tonse tinkaswera kwa iwo tikaweruka kusukulu. Ankatitsukitsa makapu ndi kutikakamiza kuyankha m'Chichewa, ife n'kumalankhula ngati tili ndi mbatata yotentha m'kamwa.

Chuma chawo chinali kamera yakale ya filimu. Tsiku lina masana anajambula mtsinje ataima pakhonde, ndipo zithunzi zitatsukidwa, pamwamba pa madenga panaoneka chinthu chozungulira, chowala m'mbali, chopendekeka pang'ono. Mzungu woyandikana nawo anati ndi mbale youluka yochokera ku nyenyezi. Agogo, m'chimwemwe chawo, anapita nacho kutchalitchi kukaonetsa anthu, ndipo apo ndi pamene anaputa mavu. Mayi Nabanda, mtsogoleri wa amayi, munthu woti nkhani sigona m'kamwa mwake, anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti limenelo ndi lichero, ndege ya afiti, ndipo lichero silizungulira pakhonde pa munthu wosalidziwa.

Ana anayamba kuchotsedwa mmodzimmodzi. Amayi anga nawonso anandiuza kuti ndiziwadikira kulaibulale. Ndinkadutsa pakhomo pa agogo monyang'ama, ndikumva wailesi ikulira yokha m'nyumba mopanda mwana.

Agogo sanakangane ndi munthu. Anavala jekete n'kupita kwa asilikali, poti anamva kuti ali ndi ofesi yofufuza zachilendo zooneka mumlengalenga. Akuti anawalandira mwaulemu n'kuwapempha filimu yonse, osati chithunzi chokhacho. Tinadikira mpaka masamba anayoyoka m'mitengo. Yankho linali lakuti kumwamba kunalibe kanthu: filimuyo inakhalitsa m'sutikesi kuchokera ku Limbe, chinyezi n'kuidya, ndipo banga lomwelo linali pa zithunzi zinanso zimene a kusitolo yotsuka zithunzi anazisiya poziona zowonongeka. Asilikaliwo anazitsuka zonse.

Lamulungu lotsatira, tikumwa tiyi mapemphero atatha, agogo anayala zithunzizo patebulo. China chinali cha pa tsiku la amayi, Mayi Nabanda ataima kutsogolo ndi yunifomu yawo yoyera, chozungulira chija chitakhala bwinobwino pamwamba pa duku lawo.

"Mayi, tandithandizani, maso angawa akalamba," anatero agogo mofatsa. "Ngati ili ndi lichero, ndiye latera pamutu pa yani?"

Anthu anafa ndi chiseko. Mayi Nabanda anachiyang'ana nthawi yaitali chithunzicho, kenaka nawonso anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti mafilimu a ku Limbe ndi amwano. Kupepesa kwawo kunathera pomwepo, ndipo agogo sanafune zoposa apo.

Lolemba amayi anga anandiperekeza okha kwa agogo, atanyamula mbale ya mandasi, manyazi atawagwira. Anayamba kufotokoza zambiri, za ntchito, za kuyandikira kwa laibulale, koma agogo anawadula.

"Pitani, mungachedwe ku shifiti. Mwanayu ndi wa pano."

Mawu amenewo ndi amene ndinatsala nawo. Agogo anabwerera kumudzi ndipo anagona komweko, ine ndakulira mumzinda uno mmene aliyense amafuna kudziwa kumene unachokera kwenikweni. Ndikatopa nalo funsolo, ndimakumbukira kuti munthu amene tinamuthawa popanda chifukwa anandiyankhira kale.