Chaka Chimene Tinathirira Bwalo Tili Osala

Kwathu kunali mtsuko wong'aluka m'munsi, umene amayi ankakana kuutaya. Ankasungiramo nthanga za maungu. Mtsuko umenewo ndiwo unayamba kukwiriridwa pa bwalo lathu, chaka chimene mwezi wa Ramazani unagwa pakati pa chilimwe.

Bwalolo linali kuseri kwa msika wa Nsanama, lakapinga, lopanda nyumba ngakhale mzere wa chinangwa. Anyamata tinkamenyerapo mpira wachikulunga, azimayi ankayanikapo makaka, ndipo pa Idi, mzikiti ukachepa, tonse tinkayala mikeka pamenepo n'kuswali. Anthu ankati ndi la aliyense, koma dothilo linali la mbumba yathu, ndipo woyang'anira mbumbayo anali amalume, amene ife tinkawaitana kuti amjomba.

Chaka chimenecho thonje silinachite bwino, pomwe kumsika anthu ankamanga magolosale n'kumafuna njerwa. M'mawa wina tinapeza dzenje pakona pa bwalo, kapinga atamatulidwa, chikombole choumbira njerwa cha amjomba chili pambali. Sindiwaweruza. Ndalera ana inenso, ndipo ndikudziwa maganizo amene amabwera nkhokwe ikayamba kuonekera pansi.

Anthu anasonkhana pa bwalo pomwepo, Asilamu ndi Akhristu omwe. Amayi sanali munthu woyankhula pagulu, koma tsikulo anadzuka, nakonza mpango wawo, nafunsa: "Achimwene, ndiye pa Idi tizikaswalira m'dzenje?" Anthu anaseka kwambiri. Inenso ndinaseka. Amjomba anadikira kuti phokoso lithe.

"Nonse mukuti mumalikonda. Ndani analisesapo?" anatero. "Dzalani mitengo m'mphepetemu. Mvula ikaipeza ili moyo, chikombole changa ndichotsa. Ikauma, pasapezeke wondiyankhula."

Ankadziwa zimene ankanena. Dzuwa linali loswa mtengo, ndipo kusala kunali kutayandikira.

Aphunzitsi athu, bambo wa Chikatolika wochokera ku Balaka, anapereka mbande za nimu ndi mango zimene tinkafesa kusukulu. Madzi ongothira pamwamba ankauma munthu asanatembenuke, ndiye amayi anakhuthula nthanga zija, nakwirira mtsukowo mpaka m'khosi pambali pa kamtengo koyamba ka nimu. Anaudzaza, nauvindikira ndi phale. Madzi ankadontha pang'onopang'ono kudzera mumng'alu, molunjika kumizu. Sabata isanathe, mphika uliwonse wong'aluka m'mudzimo unali utapeza ntchito. Panali mayi wina amene anzake ankamunena kuti wachita kung'alula dala wabwino kuti asatsalire.

Kenako mwezi unaoneka, kusala kunayamba. Chitsime chinali kudambo, kotalikirako, ndipo njira yake inkaotcha mapazi. Ndimakumbukira amayi akupendeketsa ndowa, madzi akulira kulowa mumtsuko, milomo yawo itauma mpaka kuyera. Dontho likagwera padzanja, ankalipukutira pachitenje. Ine ndinali ndisanafike posala tsiku lonse, ndipo ndinkamwa kuchitsime mobisala kuti asandione, ngakhale panalibe wondiletsa. Ntchito yathu ana inali yodula minga yotchingira mbuzi. Zipsera zake zina ndikadali nazo.

Patapita masiku, azimayi a kutchalitchi anabwera kwa amayi. "Inu muzitunga m'mawa kukadazizira," anatero mmodzi. "Masanawa tisiyireni ife odya." Kuyambira pamenepo, dzuwa likafika pamutu, munkaona mzere wa ndowa ukuchokera kudambo, nyimbo zawo zikumveka mpaka kumsika. Madzulo amayi ankandituma kukawapatsa futali wa mbatata. Malemu mkazi wanga anali mwana wa mmodzi wa azimayi amenewo, ndipo moyo wake wonse ankandiseka kuti mitengo ya Asilamu inakula ndi madzi a Akatolika. Sindinkamutsutsa.

Si mitengo yonse inapulumuka. Ina inadyedwa ndi chiswe, ina mbuzi zinaboola mpanda. Amjomba ankadutsa panjinga osayang'ana kumbali.

Mvula inagwa kutatsala masiku ochepa kuti Idi ifike. Fungo la dothi lonyowa linalowa mpaka m'nyumba. M'mawa mwake amjomba anazungulira bwalo lonse wapansi, akukanda khungwa la kamtengo kalikonse ndi chikhadabo kuti aone ngati mkati muli mobiriwira. Anthu ankawatsatira chapatali. Atamaliza anangoti, "Basi." Anatenga khasu, nakwirira dzenje lija okha, osalola wina kuwathandiza. Pa zonse za chaka chimenecho, ichi ndimachilemekeza kwambiri: anasunga mawu awo.

Lero nimu uja ndi wamkulu, ndipo ochita kabaza amapumira pamthunzi pake. Malo ambiri otere anasanduka maenje ndi mashopu, koma bwalo lathu lilipo. Ndikamadutsapo popita kumzikiti ndimayenda pang'onopang'ono, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndimanyada.

Pa Idi ya chaka chimenecho tinaswali pa kapinga wongophuka kumene. Amjomba anali mumzere wakutsogolo monga mwa masiku onse. Chaka chilichonse, swala ikatha, ankabwera kudzadya mpunga kwa mlongo wawo asanapite kwina kulikonse. Amayi anawapakulira, nawaikira chiwindi cha mbuzi chimene ankachikonda, navindikira mbale. Anakhala pakhonde atavala chitenje chatsopano, akuyang'ana kunjira. Anthu ankadutsa akuwayamika chifukwa cha bwalo, iwo n'kumayankha mwaulemu, maso ali kunjira komweko.

Dzuwa linapendeka amjomba osabwera, ndipo amayi anandiitana, nandipatsa mbale ija. "Idya, mwanawe, zingaonongeke."

Ndinadya chiwindi chonse, ndikudziona wamwayi. Ndinkadziwa kuti tapambana, ndipo sindinkamvetsa chifukwa chake amayi, amene anapirira ludzu mwezi wathunthu, tsiku lololedwa kudya sanalawe kanthu.